Tsiku Limene Kompyuta Inaiwala Mawu a Bambo

1. Moni wa m'mawa

Dzina loti Nachangu anamupatsa ndi bambo ake, ndipo sanalakwitse. Mtsikanayu ankamwa tiyi ali chiimire, zingwe za nsapato ankamanga akuyenda, ndipo mayeso ankamaliza woyamba n'kuiwala kuti pepala lili ndi kuseri.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ankachidikira modekha. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankakhala pa kampando m'chipinda chochezera n'kudina batani la kompyuta ya bambo ake. Inali kompyuta yakale ya patebulo, yokhala ndi bokosi lalikulu pansi, pafupi ndi mwendo wa tebulolo. Ikayatsidwa inkayamba yabuula ngati nkhalamba yodzutsidwa kutulo, kenako sikirini n'kuwala. Ndiye m'timasipika tiwiri munkatuluka mawu.

"Wadzuka bwanji, Nachangu? Khala pansi kaye, mwanawe, dziko silikuthawa."

Pamapeto pa mawuwo pankamveka kuseka pang'ono, chifukwa tsiku limene bambo ankawajambula, amayi anafunsa ali kukhitchini kuti akulankhula ndi ndani.

Bambo a Nachangu ankagwira ntchito pa sitima zikuluzikulu zonyamula katundu, zimene zimatha miyezi zili pakati pa madzi. Poyamba ankaimba foni pafupipafupi. Kenako anayamba kuimba mwa apo ndi apo, kenako kunangoti zii. Amayi ake, amene ankasoka zovala pakhonde, sankaitchula nkhaniyi. Munthu akawafunsa ankangoti, "Ali bwino kumene aliko," n'kupondaponda makina osokera mwamphamvu.

Kompyutayo bambo anaikonza okha asanachoke. Pasikirini anaikapo chithunzi cha atatuwo. Kumanzere anandandalika tizithunzi todinapo, kalikonse ndi dzina lake: kena ka moni wa m'mawa uja, kena ka nyimbo zimene ankaimba okha mosalongosoka, kena ka nkhani zimene anamujambulira mwana wawo kuti azimvera akawasowa. Ndipo ankawasowadi. Panalibe kwina kulikonse kumene mawu a bambo ake ankapezeka, koma m'bokosi lokalambalo.

2. Uthenga wochokera kutali

Pakati pa sabata kunabwera bambo wina wakhungu lopsa ndi dzuwa. Anati ankagwira ntchito limodzi ndi bambo a Nachangu, ndipo iye wabwerera kwawo.

"Anzanga aja ali moyo, mayi, ali bwino," anatero atakhala pansi. "Foni yawo inagwera m'madzi, ndipo kumene tinali kunalibe poimbira. Sitima yawo ikocheza Lamlungu likubwerali. Andituma kuti muyatse kompyuta masana, aimba pa intaneti, muonane nkhope."

Amayi anathokoza, anamuperekeza mlendoyo mpaka pamsewu, n'kubwerera pa makina awo. Koma tsiku limenelo anasoka mkono wa malaya chagada, n'kusomola kawiri.

Nachangu ndiye anali kale pa kompyuta. Anatsegula pulogalamu yoimbira imene bambo anaikamo kale. Pulogalamuyo inazungulira, inazungulira, kenako inatulutsa uthenga woti siingagwirenso ntchito chifukwa sisitimu ya kompyutayo ndi yakale kwambiri. Sisitimu ndiyo pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, ndipo ya bambo inali itakalamba moti mapulogalamu atsopano ankaikana. Panafunika kuika ina Lamlungu lisanafike.

3. Kwa a Mawaya

Mawa lake, pochokera kusukulu, Nachangu anadzera kwa a Mawaya. Bambowa anali ndi kachipinda kopapatiza pakati pa malo ometera ndi sitolo ya mankhwala. Anayamba ndi mawailesi kalekale, ndipo imvi zinawapeza akutsegula makompyuta. Ndiwo anathandiza bambo a Nachangu kulumikiza kompyuta ija itangobwera, choncho mtsikanayu ankawatcha amalume.

"Odi, amalume."

"Wopempha odi ali kale m'kati ndi Nachangu basi," anatero a Mawaya osadzutsa n'komwe mutu.

Nachangu anafotokoza zonse mpweya umodzi. A Mawaya analoza mulu wa makompyuta umene unali pakona.

"Ukuuona muluwo? Eni ake akuufuna sabata isanathe. Yako ibwere Lolemba."

"Lolemba? Amalume, bambo akuimba Lamlungu."

"Ndiye ubwere ndi amayi ako muno Lamlungulo. Ndidzakutsegulirani, mudzalankhulire pa yangayi."

Nachangu anayang'ana mawaya olendewera kudenga, zitini za timisomali, ndi fumbi la pa mashelefu.

"Ayi, amalume. Ndikufuna adzatione tili kunyumba. Aone tebulo lawo, aone kuti mpando wawo sitinausunthe. Akationa muno aganiza kuti kompyuta tinaitaya." Anawayandikira a Mawaya. "Kusukulu anatiphunzitsa kuika sisitimu. Fulashi yake ndili nayo, ndinaikonza ndekha m'kalasi."

Apa a Mawaya anaika sikuludalaiva pansi n'kumukokera mpando.

"Tamvera, mwanawe. Kuika sisitimu si ntchito ayi. Ngakhale mbuzi ikhoza kuika itapatsidwa zala, chifukwa umangodina, n'kudinanso, basi. Ntchito ili pa zimene umachita usanayambe. Sisitimu yatsopano ikamalowa imasesa nyumba yonse. Siifunsa kuti ichi n'cha ndani, siidziwa kuti awa ndi mawu a bambo a munthu. Ndiye choyamba ukopere zonse zimene umazikonda pa fulashi ina. Izo ndikudziwa kuti aphunzitsi ako anakuuza."

"Anatiuza."

"Tsono mvera chimene ndikuwonjezera ine. Kukopera kokha si kusunga. Ine muno ndili ndi lamulo limene sindiliphwanya, ngakhale mwini kompyuta ataima pakhomopo akuphulika ndi mkwiyo. Ndikakopera, fulashiyo ndimaizula, ndimakaibaya pa kompyuta ina, n'kutsegula zinthuzo chimodzichimodzi. Nyimbo ndiimve ikulira. Chithunzi ndichione ndi maso angawa. Kompyuta imene wakoperapo imakunamiza, chifukwa zinthuzo ikadali nazo m'mimba mwake. Chimene sunachitsegule pa makina ena sunachisunge, wangodzisangalatsa."

Nachangu anagwedeza mutu, maso ali kukhomo.

"Pampando wakhalapowo panakhala mayi wina," anapitiriza a Mawaya. "Analira mpaka ometa apa anazimitsa makina awo kudzaona. Zithunzi za mwana wake kuyambira ali wakhanda zinapita zonse. Iye ankalumbira kuti anakopera. Ine sindinamutsutse, kukopera anakoperadi, koma sanakaone. Iwe ukakopera ubwere nayo fulashiyo kuno. Ngakhale nditanganidwe bwanji, ndikuonera, kenako upite ukaike sisitimu yakoyo ndi mtima umodzi. Safunsa adadya phula, Nachangu. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

Anamvadi, koma mwendo umodzi unali kale panja.

4. Kuphethira kumodzi

Lachisanu anaweruka masana. Anapeza nyumba yokhoma, amayi atapita kukapereka zovala kwa eni ake kutsidya kwa tauni. Nachangu anaponya chikwama pampando osavula n'komwe yunifolomu.

Anayatsa kompyuta. Bambo anamupatsa moni, n'kumuuza kuti akhale pansi kaye. Iye anakhala, anabaya fulashi yopanda kanthu, anasonkhanitsa tizithunzi tonse ta kumanzere kwa sikirini n'kutikokera mu fulashimo. Zinangotenga kuphethira kumodzi. Nachangu anasangalala, poti kompyutayo inali isanachitepo chinthu mwachangu chotere.

Kenako anaima pakhomo, dzanja lili pa chitseko. Kunja dzuwa linali kuswa mtengo. Kwa a Mawaya kunali kamtunda, kupita ndi kubwera, mwinanso akawapeza ali ndi anthu. Pofika pobwerera amayi akhala atafika, pomwe iye ankafuna kuti adzapeze zonse zatha, adzangowaitana n'kuwaonetsa nkhope yawo pasikirini.

Anabwerera pa kampando. Anatsegula fulashi ija pa kompyuta yomweyo, n'kudina kachithunzi ka moni. Bambo analankhula. Anadina ka nyimbo. Bambo anaimba, mosalongosoka monga mwa nthawi zonse. Anadina ka nkhani, nako kanatseguka.

"Nanga kompyuta ina ndi ya chiyani apa?" anadzifunsa mokweza. "Amalume nawonso amakonda kutalikitsa nkhani."

Anazula fulashiyo, anaiika m'thumba la malaya, n'kubaya ya sisitimu yatsopano. Kompyuta inazima n'kuyakanso. Inamufunsa za chinenero, iye anasankha. Inamufunsa za nthawi, iye anasankha. Kenako inamufunsa ngati akufunadi kufufuta zonse zimene zili m'kati, ndipo inachenjeza kuti zikapita sizibwereranso. Nachangu anagwira thumba lake, anamva fulashi ili momwemo, n'kudina kuti inde.

Kamzere kanayamba kukwawa pasikirini. Iye sanathe kukhala. Anasesa m'chipindamo, anapukuta tebulo la bambo, anawongola nsalu ya pawindo kuti Lamlungu kuwala kudzagwere bwino pankhope ya amayi.

Sisitimu yatsopano itadzuka, inali yokongola ndi yopepuka. Vuto linali loti timasipika tinali duu. Nachangu anaona mawaya, anali bwino. Analowa m'malo osinthira zinthu n'kupeza kuti kompyuta ikutumiza mawu kolakwika, ku sikirini imene inalibe sipika. Anasintha, timasipika n'kulira. Anaika pulogalamu yoimbira, inatseguka osavuta, ndipo nkhope yake inaonekera, thukuta lili chipichipi pamphuno. Anakulitsa zilembo kuti amayi asamachite kutsinzinira powerenga. Kunena zoona, ntchito imeneyi anaigwira bwino, ndipo aphunzitsi ake akanamuyamikira.

Chinatsala n'kubwezera bambo m'nyumba mwawo. Anabaya fulashi ya m'thumba ija. Tizithunzi tonse tinalimo, mayina ake omwewo, koma tinali titayera ngati mapepala osalembapo. Anadina ka moni. Kompyuta inayankha kuti chinthu chimene kachithunzika kakuloza sichikupezeka.

Anadina ka nyimbo, yankho lomwelo. Ka nkhani, lomwelo. Anazula fulashi, anaipemerera, anaibayanso pa bowo lina. Palibe chinasintha.

Nachangu anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, poganiza kuti mwina bambo alankhula okha monga kale. M'timasipika munatuluka kabelu kosalala, kachilendo, kosatchula dzina la munthu aliyense. Anazimitsa, anakhoma chitseko, n'kuliyatsa liwiro.

5. Chikwangwani ndi nyumba

A Mawaya atamuona pakhomo ali wefuwefu sanamunene za odi. Analandira fulashiyo, anaibaya pa kompyuta yawo, anavala magalasi n'kuyandikira sikirini.

"Kukopera kunatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Sikunachedwe, amalume. Kuphethira kumodzi."

"Nyimbo zonse zija, nkhani zonse zija, kuphethira kumodzi?" Anavula magalasi aja n'kupukuta m'maso. "Tabwera kuno. Yang'ana pakona pa kachithunzi aka. Ukuona chiyani?"

"Kamuvi kakang'ono."

"Kamuviko kakutanthauza kuti aka si fayilo. Ndi kolozera chabe, kamauza kompyuta kumene fayilo yeniyeni ili. Wasenza chikwangwani cha pamsewu, mwanawe, nyumba yake waisiya."

"Koma ndinayesa, amalume. Ndinatsegula, bambo analankhula."

"Unatsegula pa kompyuta iti?"

Nachangu anazolika.

A Mawaya sanakweze mawu. Akanakalipa mwina zikanamupepukira.

"Ukudziwa chifukwa chake bambo ako anaika zolozera zokhazokha pasikiriniyo? Ndinalipo tsiku limenelo. Iwe unali kamwana, zala zako sizinkakhazikika, unkafufuta chilichonse chimene wadina. Ndiye bambo ako anati, 'Achimwene, zenizenizo tizibise m'kati, kutali, pamwamba tingoika zolozera. Akafufuta asamalire.' Anakubisira kuti usadzazitaye. Sanaganize kuti tsiku lina udzakula n'kudziwa kufufuta disiki yonse, nkhokwe ya kompyuta."

Misozi inayamba kugwera pa yunifolomu. Nachangu sanaipukute.

"Ndiye basi, amalume? Mawu aja apita?"

"Khala pansi. Sindikulonjeza kanthu, koma mvera bwino, ndipo ulendo uno umve ndi makutu onse awiri. Kompyuta ikamati yafufuta, sikuti yatentha zonse nthawi yomweyo. Imangochotsa mayina n'kunena kuti malo onsewa alibe mwini. Sisitimu yako yatsopano yamanga kale pamwamba pa zina, ndipo zimenezo tisazilirenso. Koma zina mwina zikadali pansipo. Ndili ndi njira yozifufuzira, ndikachotsa disikiyo n'kuiwerengera pa makina angawa. Choopsa ndi ichi: nthawi iliyonse imene kompyuta ija yayatsidwa, imalemba zinthu zake paliponse pamene yaona kuti palibe mwini. Siisankha. Ikhoza kulemba pamwamba penipeni pa moni wa bambo ako. Ndiye isayakenso. Usati ungoonako pang'ono, usati ungoyesako kamodzi. Isayake mpaka ifike patebulo ili."

"Nanga Lamlungu?"

"Lamlungu mudzalankhulira muno, fumbi ndidzapukuta. Bambo ako akufuna kuona inu, osati tebulo. Unaizimitsa?"

"Ndinazimitsa."

"Unazula waya kukhoma?"

"Ayi. Koma kunyumba kulibe munthu. Ndiponso amayi saigwira, sadziwa n'komwe poyatsira."

A Mawaya anamubwezera fulashi yake.

"Pita ukazule waya, unyamule bokosilo, ubwere nalo kuno. Muluwu udikira. Lero lokha ndine ndikukuuza kuti thamanga."

6. Batani limodzi

Nachangu anathamanga kudutsa pa malo ometera, anakhota pa sitolo ya pakona, anawoloka msewu osayang'ana bwino mpaka woyendetsa njinga anamukalipira. Mumtima munali kachiyembekezo kakang'ono, ndipo ankakagwira mwamphamvu.

Atafika pa geti anaona kuti chitseko cha nyumba n'chotsegula. Chikwama cha amayi chinali pakhonde, pafupi ndi makina osokera amene anali akadali ofundika. Asanalowe n'komwe anamva kabelu kosalala kaja kakulira m'chipinda chochezera.

Amayi anali pa kampando, nsapato zikadali kuphazi, nkhope yawo itayandikira sikirini. Dzanja lawo linali pansi, pa bokosi.

"Amayi, musayatse."

Anatembenuka. Nachangu anali asanawaonepo akuoneka chonchi, ngati mwana wosochera pamsika.

"Sakulankhula," anatero motsitsa. "Ndayatsa, kwangolira kabelu. Ndazimitsa, ndayatsanso. Ndimati mwina ndadina molakwika, ndiye ndakhala ndikubwereza chifikireni."

"Kangati, amayi?"

"Sindinawerenge."

Nachangu anatsamira chitseko.

"Inu mumadziwa kuyatsa?"

"Batani limodzi lomweli. Lina lililonse sindilidziwa." Amayi anayang'ana pansi, ngati agwidwa ndi mlandu. "Iwe ukapita kusukulu ndimalowa muno, ndimawamva, kenako ndimakayamba kusoka. Ndikachokanso koyenda ndimatero. Sindinkafuna uzidziwa, ndimati ungamadandaule kuti amayi nawonso zikuwavuta."

Sikirini inali kuwala kumbuyo kwawo, yoyera, yatsopano, ndipo kagetsi ka pabokosi kanali kuphethiraphethira, kusonyeza kuti kompyuta ikulemba zake m'kati. Nachangu anadumpha, anagwada pansi pa tebulo n'kuzula waya kukhoma. M'chipinda munati zii.

Amayi anaganiza kuti mwana wawo wayamba kukonza. Ananyamuka pa kampando, anakapukuta ndi m'mphepete mwa nsalu yawo, n'kumusendezera.

"Eya, tabwera uyatse iweyo, mwanangu," anatero. "Mwina akudikira iwe."